Mapiritsi a pa Bedi Naini

Ndinabwerera kusukulu ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, imvi zitayamba kale kusuzumira pamwamba pa makutu. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinakhala pawindo loperekera mankhwala m'chipatala chaching'ono cha kwathu: kulandira kapepala, kuwerengera mapiritsi m'kathumba, n'kunena kuti, "Awiri m'mawa, awiri madzulo, wotsatira." Anthu ndinkawadziwira manja, chifukwa windolo linali lotsika moti nkhope sizinkaoneka. Atalengeza za maphunziro apamwamba a zaka ziwiri, ophunzitsa ife a zamankhwala kugwira ntchito m'mawodi limodzi ndi madokotala, ndinalemba kalata mongoyesa mwayi. Ananditenga. Amuna anga anati, "Pita, ana ndiwaona." Ndipo anawaonadi, mwina mopyola muyeso.

Kuchipatala chachikulu anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yochapira: bedi, tebulo, ketulo, ndi windo loyang'ana khoma la mapaipi. M'kalasi tinalimo asanu ndi atatu, ndipo asanu ndi awiri enawo ndikanatha kuwabereka ndikanafulumira pang'ono. Ankanditcha anti. Sanali ana oipa ayi. Ndikalowa ankandisiyira mpando, ndikagwetsa cholembera ankathamangira kutola, koma belu la masana likalira ankatuluka chigulu, akuseka zawozawo, palibe wotembenuka. Ulemu wotere umazizira. Ndikanakonda andinyoze pang'ono koma anditenge.

Kunyumba poyamba ankayimba foni tsiku lililonse. Kenako Lamlungu lokha. Mwana wanga wotsiriza, amene ankalira ndikangopita kumsika, anayamba kunena kuti, "Mama, tikuonera filimu, tiyimba mawa." Ndinafunsa amene akumuluka tsitsi, iye anati aneba, ndipo amaluka mosapweteka. Ndinaseka naye pafonipo, koma nditadula zinandiwawa tsiku lonse.

Ntchito yathu inali yoyenda raundi. M'mawa uliwonse dokotala wamkulu ankatsogola, madokotala aang'ono pambuyo pake, kenako ophunzira udokotala, kenako anesi, ndipo kumchira kwenikweni ine, nditakumbatira mafaelo. Wa zamankhwala amayenera kuona ngati mankhwala alembedwa pamlingo woyenera, ngati sakulimbana m'thupi, ngati impso za wodwala zingawapirire, ndipo akaona cholakwika alankhule pomwepo. Kuona ndinkaona. Kulankhula ndiye kunali kwina. Zaka zonse zija dokotala kwa ine anali siginecha ya pansi pa kapepala, ndiye lero ndimudule mawu ali chilili pamaso pa anthu khumi? 

Wotiyang'anira tinkamutcha Mayi Umboni, chifukwa ukanena chilichonse ankapendeketsa mutu n'kufunsa kuti, "Umboni uli kuti?" Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu, koma ndinkamuopa ngati apongozi. Mwezi wachitatu anandiitanira mu ofesi.

"Amayi, mabuku mumawadziwa kuposa ana awa, ndikuona. Koma pano si pawindo. Wa zamankhwala wosalankhula paraundi ndi shelefu yoyenda."

Ndinati ndamva. Ndinatuluka nkhope ikutentha.

Munthu yekhayo amene ankandiyembekezera mumzinda wonsewo anali wodwala wa pa bedi naini m'wodi ya amuna. Anesi ankawatcha a Mawotchi, chifukwa moyo wawo wonse anali okonza mawotchi pakhonde la sitolo ina. Anali nkhalamba yowonda, ya zala zazitali zaukhondo, ndipo ngakhale m'chipatala ankapesa tsitsi m'mawa uliwonse. Vuto lawo linali mtima wofooka. Miyendo inkatupa, madzi ankadzaza m'mapapo, ankabwera akubanika. Aka kanali kachinayi kugonekedwa pa miyezi isanu ndi umodzi.

Tinadziwana nthawi yozonda odwala. Masana wodi inkadzaza abale ndi madengu, ana akukwawa pansi pa mabedi, azimayi akukanganirana mpando. Pa bedi naini pokha panalibe munthu. Inenso ndinalibe wodya naye, ndiye tsiku lina ndinakhala pampando wawo wopanda mwiniwo ngati ndikuwerenga faelo.

"Wotchi yanu ikunama," iwo anatero osandipatsa ndi moni womwe. "Mphindi zinayi. Ikunama ngati mwamuna wochokera kumowa. Bweretsani kuno."

Anatulutsa kasikuludiraiva m'thumba la malaya, ndipo ndisanamalize tiyi wotchi inali italapa. Kuyambira tsikulo masana anga anali a pa bedi naini. Ndinkabwera ndi fulasiki ndi buledi, iwo ankabwera ndi nkhani. Anandiuza za akazi awo amene anamwalira zaka zitatu zapitazo, mayi woti akakwiya ankabweza mawotchi onse a m'nyumba ndi ola limodzi kuti amuna awo achedwe kuntchito. Anandiuza za mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ali kutali ndipo amatumiza zithunzi za adzukulu pafoni imene iwo satha kuitsegula. Ntchito inatha yokha, chifukwa anthu anayamba kuonera nthawi pafoni. Ine ndinawauza za aneba oluka mosapweteka aja, zimene sindinauzepo munthu. Sabata isanathe anasiya kunditcha amayi, n'kuyamba kunditcha mwana wanga. Ndikachedwa ankaloza padzanja n'kupukusa mutu. Ndinene mosabisa: ndinkadzuka m'mawa chifukwa cha ola limenelo.

Koma madokotala anali atasokonezeka nawo. Ulendo uliwonse a Mawotchi akabwera atatupa, ankati mankhwala achepa mphamvu, n'kuwonjezera mlingo. Ulendo uno anali pa mitundu itatu, yonse pamlingo waukulu. Chodabwitsa n'chakuti m'wodimo, m'malo mopeza bwino, anayamba chizungulire. Bipi inkatsika kwambiri, zotsatira za magazi zinkaonetsa impso zikutopa, ndipo Lachiwiri lina anagwa kubafa n'kung'ambika pachipumi.

Imodzi mwa ntchito zathu ndi kulemba mbiri ya mankhwala a wodwala: zimene amamwa kunyumba, ndiponso ngati amamwadi. Lamulo lake ndi lakuti mawu a wodwala okha sakwanira. Uone mapaketi ndi maso ako, uone tsiku limene analandira, uwerenge otsala. Ine fomu ya bedi naini ndinali nditadzaza kalekale. Ndinawafunsa tikumwa tiyi ngati amadumphitsa mankhwala, iwo anati, "Wokonza mawotchi angaiwale nthawi?" Tinaseka, ndipo ndinalemba kuti amamwa mokhulupirika. Ukamudziwa munthu dzina la malemu mkazi wake, kumupisa m'chikwama kumachititsa manyazi.

Mayi Umboni anaima pamzere umenewo chala chili pomwepo.

"Amamwa mokhulupirika. Umboni uli kuti?"

"Anandiuza okha."

"Mwawerenga mapiritsi?"

Ndinazyolika.

"Munthu wagwa kubafa, amayi. Pitani mukawerenge."

Masana amenewo sindinatsegule fulasiki. Ndinati, "Bambo, andituma kuti ndione mankhwala amene munabwera nawo." Anandiyang'ana kanthawi, kenako analoza kabati ndi mlomo. Munali chikwama chachikopa chakale, ndipo mapaketi anali atamangidwa bwinobwino ndi mphira, ulendo uliwonse mtolo wakewake. Ndinawayala pabedi.

Ulendo wapitawo anawapatsa mankhwala a masiku makumi atatu, ndipo anabwerera patatha masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Pa mapiritsi omwa kamodzi patsiku panayenera kutsala anayi. Panatsala khumi ndi asanu ndi atatu. Ndinawerenga mtundu wachiwiri ndi wachitatu, nkhani yake yomweyo: anamwa masiku khumi ndi awiri, basi. Munthu woiwala amaiwala modumphadumpha, apa piritsi latsala, apo latoboledwa. Awa ayi. Mizere ya mapiritsi pamapaketi inali yotoboledwa mwadongosolo kuchokera kumanzere, n'kudzaima tsiku limodzi pa mitundu yonse, ngati galimoto yofika pasiteji. Mitolo ya maulendo akale inanena chimodzimodzi.

Zonse zinaonekera poyera nthawi imodzi. Mankhwala sanali ochepa mphamvu. Kunyumba sankamwedwa, ndipo kuno anesi ankawamwetsa mlingo wonse waukulu uja, wolembera munthu amene mankhwala akumukanika. N'chimene chinawagwetsa.

"Bambo, simunaiwale," ndinatero.

"Sindinaiwale."

"Nanga n'chifukwa chiyani?"

Anatenga mphira uja n'kumaukulunga kuchala. Pabedi loyandikana nalo mayi wina ankakalipira mwamuna wake kuti amalize phala.

"Ukumva?" iwo anatero chapansipansi. "Akumukalipira. Mwayi wake. Kumene ndimakhala ine, mwana wanga, anthu amatuluka kusanache, amabwera kutada. Ndinawerengapo masiku asanu ndi anayi osatsegula pakamwa, kupatula potsokomola. Tsiku lakhumi ndinalonjera ketulo. Ndikamwa mankhwalawa ndimachira, n'zoona. Ndiye ndichire ndizitani? Kuno m'mawa wina amabwera kudzandifunsa kuti ndagona bwanji. Amafunsa chifukwa ndi ntchito, ndikudziwa, koma amafunsa."

Ndinawafotokozera monga anatiphunzitsira, kuti mlingo umene akulandira ndi wa munthu wina amene kulibe, kuti impso sizimabwerera zikafa, kuti kusiya ndi kuyambiranso kukhoza kuimitsa mtima tsiku lina popanda chenjezo. Ankagwedeza mutu ngati akumvera mwana akulakatula ndakatulo.

"Kugwa muno muli anthu kuli bwino kusiyana n'kuima chilili kopanda wondiona. Koma ndikupemphe chimodzi. Usawauze. Akalemba m'faelo kuti ndimachitira dala, ndatha ine. Ndikadzabweranso adzangoti ndi uja wolanda bedi la odwala enieni. Iweyo ukudziwa mmene chipinda chimalirira chikakhala chopanda munthu. Si iwe unandiuza?"

Ndinali nditawauzadi. Ndinamanga mapaketi aja, n'kutenga mtolo womaliza. Anauona ukulowa m'thumba la gauni langa.

Ndinayesa njira zonse za munthu wamantha. Ndinapita kwa Mayi Umboni kuti akanene ndiwo. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafunse za umboni. Anayimbira nesi wamkulu kuti mlingo wa madzulo uyambe waima. Koma zinazo anakana. "Wapeza ndinu, mukanena ndinu. Ine sindilankhulira munthu amene ali ndi pakamwa pake." Ndinadikirira dokotala wamkulu pakhonde, ndikuganiza kuti ndikawauzira pambali nkhalamba ija siichita manyazi. Anadutsa akuyankha foni, anakweza dzanja n'kuti, "Mawa paraundi, mayi." Madzulo ndinayimbira amuna anga kuti mwina andithandize nzeru. Anali kumsonkhano wa makolo kusukulu ya ana, anati ayimba akatuluka. Ndinakhala pabedi foni ili pamwendo mpaka tiyi anazizira.

Ndinkadziwa chimene ndingataye. Sindinali mwana woti n'kudzinamiza kuti adzandithokoza.

M'mawa raundi inafika pa bedi naini nthawi ili cha m'ma naini koloko. A Mawotchi anali atapesa tsitsi, bandeji ili pachipumi. Dokotala wamng'ono anawerenga zotsatira, dokotala wamkulu anakanda chibwano n'kunena kuti mtima uwu ndi wamakani, mwina asinthe mtundu umodzi, awonjezere wachinayi, aone ngati mlingowo ungawasunge kunyumba nthawi yotalikirapo. Anatulutsa cholembera. Nkhalamba ija inandiyang'ana kudutsa mapewa a anthu onse aja.

"Pepani adokotala."

Mawuwo anatuluka opyapyala ngati si anga. Mitu yonse inatembenuka, ndipo ena anachita kupatuka kuti aone ngati kumchira kuli munthu. Ndinati mankhwala sakukanika, koma samwedwa kupyola masiku khumi ndi awiri. Ndinati zimene ndinalemba poyamba m'fomu zinali zolakwika, ndinalemba osawerenga. Ndinapempha kuti mlingo ubwerere pamene unali ulendo woyamba. Chifukwa chimene ankasiyira sindinachitchule. Ndinaganiza kuti ndikasunga chimenecho ndiye kuti ndawasiyira kansalu kofunda.

Dokotala wamkulu analandira mapaketi aja, anawapenda, nkhope n'kuwala ngati watola chinthu panjira.

"Bwerani pafupi nonse. Mukuona mizere iyi? Uku si kuiwala, uku n'kusiyira dala. Miyezi isanu ndi umodzi takhala tikuthamangitsa chithunzithunzi. Patsiranani, aliyense aone."

Mapaketi anayenda dzanja ndi dzanja kuzungulira bedi. Ophunzira ankawakweza kuwala, ankalemba m'mabuku, wina anajambula ndi foni. Palibe anachita mwankhanza, anali kuphunzira basi. Dokotala anawerama n'kunena mokweza, monga amalankhulira ndi okalamba, "Agogo, mankhwala si maswiti osiya ukakhuta, mwamva?" Ena anaseka pang'ono. A Mawotchi anati, "Ndamva, adokotala," n'kutseka maso. Gulu linasunthira pa bedi teni.

Mlingo atautsitsa, chizungulire chinatha m'masiku awiri, impso zinayamba kubwerera. Tsiku la raundi lomwelo Mayi Umboni anasaina buku langa n'kulemba pansi pake mawu awiri oyamikira. Ana a m'kalasi anandizungulira pakhonde, "Anti, mwatinyaditsa lero!" ndipo mmodzi anandikumbatira. Belu litalira anatuluka chigulu monga mwa masiku onse.

Masana a tsiku limenelo ndinapita ndi fulasiki. Ndinapeza a Mawotchi atatembenukira kukhoma, bulangete mpaka m'khutu. Munthu wogona sapuma choncho, koma ndinaima pang'ono n'kubwerera. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu sindinapite, ndinakadyera buledi wanga pamasitepe opita kuchipinda chosungira mafaelo, kumene sikudutsa anthu. Ndinkadziuza kuti ndapulumutsa impso za munthu, ndipo zinali zoona, koma buledi sankatsika.

Anawatulutsa Lolemba. Kulangiza wodwala za mankhwala opita nawo kunyumba ndi ntchito ya wa zamankhwala wa m'wodimo, choncho panalibe kothawira, kwa ine kapena kwa iwo. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala jekete ndi tayi, chikwama pamiyendo. Nesi anali atachotsa kale zofunda, matiresi ali mbee. Ndinali nditapempha a zachisamaliro cha anthu kuti akawayendere kunyumba, ndipo anandiyankha kuti mndandanda ndi wautali koma alemba dzina. Ndinawauza zimenezi. Anati zikomo.

Ndinayala mapaketi atsopano pamatiresi. Loyera limodzi m'mawa. Lachikasu limodzi m'mawa. Laling'ono m'mawa ndi madzulo. Mchere achepetse. Miyendo ikayamba kutupa asadikire. Ndinawapempha abwereze, monga lamulo linenera, ndipo anabwereza osaphonya ngakhale liwu limodzi.

"Mafunso alipo, bambo?"

"Limodzi, amayi." Mawu akuti amayi anandilasa kuposa mmene ndinkayembekezera. "Munthu amene akumwa bwino mankhwala amabweranso liti?"

Ndinayang'ana pakakhadi ngakhale ndinkadziwa. "Pakatha miyezi itatu. Kukiliniki ya Lachinayi."

"Amakhala nawe nthawi yaitali bwanji kumeneko?"

"Mphindi khumi. Mwina khumi ndi zisanu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, milomo ikuyenda ngati akuwerengera. Kenako anamanga mapaketi aja ndi mphira n'kuwaika m'chikwama.

"Ndimwa, musadandaule. Onse, pa nthawi yake. Mwagwira ntchito yanu, ndipo mwaigwira bwino. Ndikanakhala ine wotchi, ndikanafuna wondikonza wotere."

Ndinafuna kupepesa, koma ndipepese chiyani? Ndikanabwezedwa tsiku lija ndikanalankhulabe. Ndinangoti ndiwanyamulire chikwama mpaka pageti. Anakana, kenako anandipatsa. Tinayenda khonde lonse lalitali lija, iwo akuima pakapita kanthawi kuti apume, anthu a madengu akutidutsa kulowera kumene ife tinkachokera. Pageti panali phokoso la mabasi ndi ogulitsa zipatso. Anatambasula dzanja kulandira chikwama.

"Sukulu yanuyi itha liti?"

"Kwatsala chaka ndi miyezi isanu ndi itatu."

"Kwanu kuli okudikirani?"

"Alipo," ndinatero. "Amuna anga ndi ana atatu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mopanda mkwiyo, ngati mmene amayang'anira wotchi asanaitsegule.

"Muzipitako, ngakhale kwa tsiku limodzi. Mwana wanga wakutali uja sanandide ayi, ndipo inenso sindinamude. Tinangozolowera. Anthu amazolowera, mwana wanga, ndipo sipamveka phokoso."

Kondakitala anawagwira mkono n'kuwakweza, anthu anasendera kuwapatsa malo. Sanayang'ane kunja. Basi itachoka ndinaimabe pamenepo mpaka mlonda anandifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinati ayi.